Njuchi kapena mavu? Kuzindikira zimene zamanga pakhomo ndi chochita nazo

Chaka chilichonse kukayamba kutentha, mango ndi mitengo ya m'thengo ikachita maluwa, madandaulo amakhala omwewo: njuchi zalowa m'siling'i, mavu amanga m'chimbudzi, mwana walumidwa pa mjigo, mbuzi yafera pachingwe. Ngozi zazikulu sizichitika kawirikawiri tsiku limene tizilomboti tafika. Zimachitika tsiku limene mwini nyumba waganiza zothana nato asanadziwe kuti ndi chiyani. Njira yochotsera chisa cha mavu m'mphindi zisanu, mukaiyesa pa njuchi zimene zakhazikika m'denga, ikhoza kugoneka banja lonse m'chipatala.

Kuzindikira musanachite chilichonse

Imani patali, mamita 5 kapena kuposa, masana kukuwala. Yang'anani thupi, chisa, ndi kuchuluka kwa zolowa ndi zotuluka.

- Njuchi: yaifupi, yonenepa, yaubweya, yofiirira ndi mizere yachikasu, yaitali sentimita imodzi ndi pang'ono. Zobwera kuchokera kumaluwa zimanyamula timibulu ta mungu kumiyendo yam'mbuyo. Zisa zake ndi zaphula ndipo zimabisika m'phanga, inu mumangoona bowo lolowera. Banja limodzi limakhala ndi njuchi 20,000 mpaka 60,000. Mbola yake ili ndi timinga, imatsalira pakhungu, ndipo njuchiyo imafa.
- Mavu omanga chisa chonga pepala: aatali masentimita 2 kapena 3, osalala, ofiirira kapena akuda, oning'a kwambiri pakati monga unenera mwambi uja wa kupangana kwa mavu. Akamauluka miyendo imalendewera. Chisa chake n'chotuwa, chopepuka, chimalendewera pa kaphesi kamodzi ndipo zipinda zake zimaonekera poyera. Pachisa pamakhala mavu ochepa, nthawi zina makumi angapo. Mbola yake ndi yosalala, amaluma kangapo osafa.
- Mavu oumba dothi: akuda, ena ali ndi chiuno chachitali chachikasu ngati ulusi. Amakhala okhaokha, amaumba timiphika tadothi pakhoma. Saluma pokhapokha mutawafinya.
- Bemberezi: wamkulu, wonenepa, wakuda, wina ali ndi lamba wachikasu kapena woyera pamsana, wolira mokweza. Amaboola matabwa.
- Tinjuchi takuda ting'onoting'ono, timene ena amati tongole: timatulukira pa kampopi kaphula m'ming'alu ya khoma. Tilibe mbola. Tisiyeni, kapena matani mng'aluwo ngati tikukusowetsani mtendere.

Palinso ntchentche zina zamizere yachikasu zimene zimaima malo amodzi m'malere pafupi ndi maluwa. Zili ndi maso aakulu ndi mapiko awiri okha, pamene njuchi ndi mavu zili ndi anayi. Siziluma.

Amene muli ku Britain kapena ku Cape Town, samalani: kumeneko kuli mavu afupiafupi achikasu chowala ndi chakuda, ofanana msinkhu ndi njuchi, amene amamanga chisa chotsekeka m'denga kapena pansi pa nthaka, ndipo m'chisa chimodzi amafika masauzande. Malangizo a m'munsimu ochotsera chisa chaching'ono sakukhudza amenewo. Itanani odziwa.

Chigulu cha njuchi chalendewera panthambi, pampanda kapena pakhonde

Zifukwa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Banja lagawikana. Mfumukazi yakale yachoka ndi gawo la njuchi, ndipo zangopumula pamene zina zikufufuza malo atsopano.
2. Banja lonse lathawa kumene linali chifukwa cha moto wolusa, linthumbu, njala, kusowa madzi, kapena wofula uchi amene anawononga zisa zonse. Njuchi za kwathu kuno zimasamuka msanga zikavutitsidwa.
3. Zayamba kumanga pomwepo. Izi sizichitikachitika, koma zimatheka pamalo amthunzi otetezeka ku mvula.

Choyang'ana: ngati chiguluchi ndi mpira wa njuchi zokhazokha zogwirana, zangodutsa. Ngati m'mbali mukuoneka phula loyera, kapena zakhala masiku oposa atatu, zayamba kukhazikika.

Njuchi zongodutsa sizikhala zolusa kwenikweni, chifukwa zilibe ana kapena uchi woti ziteteze. Zambiri zimachoka zokha pakatha maola angapo kapena masiku awiri. Chofunika ndi ichi:

- Ana ndi ziweto zikhale kutali, mamita 20 kapena kuposa.
- Musagende, musathire madzi otentha, musayatse moto pansi pake.
- Tsekani mazenera, ndipo lero lomwe yenderani nyumba yanu kutseka mabowo a kudenga, chifukwa malo amene zikufufuzawo akhoza kukhala siling'i yanu.
- Uzani mlimi wa njuchi wapafupi. Kwa iye chigulu chotere ndi chuma, amangochigwedezera m'bokosi kapena mumng'oma n'kupita nacho madzulo.

Njuchi zikulowa ndi kutuluka pabowo la khoma, la denga kapena la pansi

Apa ndi pamene pamachitikira ngozi zambiri, choncho tikhalapo pang'ono.

Zifukwa:

1. Banja lakhazikika mkati. Malo okondedwa ndi pakati pa malata ndi siling'i, m'khoma lamphako, m'chumuni chosagwiritsidwa ntchito, m'bokosi la mita ya madzi kapena ya magetsi, m'diramu lopanda kanthu, m'galimoto yakufa, m'matayala ounjika, m'phanga la mtengo ndi m'chulu chakale.
2. Ndi njuchi zofufuza malo, banja silinafike. Zimakhala zochepa, zimazungulira bowo, kulowa n'kutuluka mosadziwa bwino njira.
3. Zikuba uchi wotsala m'zisa zakale za banja limene linafa kapena kuchoka.

Zoyang'ana:

- Werengani zolowa m'mphindi imodzi nthawi ya m'mawa dzuwa litakwera. Zikamalowa mosalekeza molunjika pabowo, muli banja.
- Zikamalowa ndi mungu kumiyendo, mkatimo muli ana. Zofufuza ndi zakuba sizinyamula mungu.
- Usiku ikani khutu pakhoma kapena imani pansi pa siling'i. Banja limamveka kulira kosalekeza, ndipo pamalopo pamakhala pofunda mukakhudza, chifukwa njuchi zimasunga ana awo pa kutentha kwa madigiri 34 kapena 35.
- Banga lakuda kapena lonata pasiling'i likutanthauza kuti zakhalitsa.

Ngati ndi zofufuza chabe, tsekani bowo madzulo omwewo, nkhani yatha. Ngati ndi banja, imani pomwepo. Iyi si ntchito ya mwini nyumba, ndipo njira zinayi zimene anthu amathamangira zonse zimaipitsa zinthu:

- Kutseka bowo. Njuchi zimafunafuna potulukira pena, ndipo kawirikawiri pamakhala pabowo la babu kapena m'mphepete mwa siling'i, kulowera m'chipinda chogona.
- Kupopera Doom kapena mankhwala ena a udzudzu pabowo. Zimafa zapakhomo zokha. Zotsalazo masauzande zimatuluka zitalusa.
- Moto, petulo kapena parafini. Denga laudzu, mapaso ouma ndi phula zonse zimayaka msanga. Nyumba zapsapo chifukwa cha njuchi zimene zikanachotsedwa ndi utsi wa zitsononkho.
- Mankhwala a thonje, a fodya kapena osungira chimanga. Akapha banja lonse, vuto lina limayamba: njuchi zakufa ndi ana ake zimaola n'kununkha, palibenso zokupiza zisa, ndiye kutentha kwa pansi pa malata mu Okutobala kumafewetsa phula, zisa n'kugwa, uchi n'kuyamba kudontha m'nyumba. Nyerere, mphemvu ndi makoswe zimatsatira. Uchi umenewo uli ndi poizoni, ndipo ana akauona sadzafunsa.

Woitana ndi mlimi wa njuchi amene ali ndi zovala zake zotchinga thupi lonse ndi chofukizira utsi. Ngati simukumudziwa, funsani kwa alangizi a zaulimi kapena ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, iwo amadziwa magulu a alimi a njuchi. M'tauni mulinso makampani othana ndi tizilombo, koma afunseni kaye ngati adzachotsa zisa kapena adzangopopera n'kuchoka. Njuchi zikakhala m'bokosi la mita kapena papolo ya magetsi, dziwitsani a ESCOM kaye, munthu asagwire pamenepo magetsi asanazimitsidwe.

Ntchito yolongosoka imayenda motere, ndipo ndi bwino mudziwe kuti muone ngati mwalipira ntchito yathunthu:

1. Anansi auzidwe nthawi. Ana, okalamba ndi odwala akhale m'nyumba yotseka. Ziweto zimasulidwe n'kupita nazo kutali.
2. Ntchito iyambe chakumadzulo, njuchi zambiri zitabwerera komanso anthu atachepa panja.
3. Afukize utsi wozizira, atsegule malowo pochotsa lata kapena chigawo cha siling'i kuti zisa zonse zioneke.
4. Adule zisa chimodzichimodzi. Za ana aziike mumng'oma pamodzi ndi mfumukazi, za uchi m'ndowa yotseka.
5. Mng'omawo upite kutali, makilomita 5 ngati n'kotheka. Ukaikidwa pafupi, njuchi zoyenda kumaluwa zimabwerera pamalo akale.
6. Apale phula lonse, atsuke ndi madzi asopo, ndipo phangalo alidzaze kapena alitseke.

Masiku awiri kapena atatu otsatira mudzaona njuchi zochepa zikuzungulira pamene panali bowo. Zimenezo ndi zotsalira, zimatha zokha.

Zinachotsedwa chaka chatha, zabweranso pomwepo

1. Phula linatsala. Fungo lake limakhala zaka, ndipo njuchi zofufuza zimakonda malo amene munakhalapo zinzawo kuposa malo atsopano. Alimi a njuchi amapaka phula lomweli m'ming'oma yatsopano pofuna kukopa njuchi, ndiye kusiya phula m'denga n'kuziitana.
2. Bowo linatsekedwa ndi dothi, nsanza kapena pepala, zimene zagwa ndi mvula, kapena munatseka limodzi pali ena.
3. M'deralo mulibe mapanga ena. Kumene mitengo ikuluikulu inatha ndi makala, madenga a nyumba, a sukulu ndi a matchalitchi ndiwo atsala.

Njuchi imakwana pampata wa theka la sentimita. Matani ming'alu ndi simenti, makamaka pamene malata akumana ndi khoma. Mabowo opitira mpweya ndi chumuni musamate, ikanipo waya wotchinga udzudzu uja wamaso ang'onoang'ono. Yenderaninso mu Julayi, nyengo yogawikana isanafike pachimake. Pa chifukwa chachitatucho, gwirizanani ndi mlimi wa njuchi apachike mng'oma wopanda kanthu kutali ndi nyumba ndi njira za anthu, kuti zobwera zipeze pofikira iye n'kumazitenga.

Njuchi zimene zinali phee zayamba kuthamangitsa anthu

Anthu amati takhala nazo zaka ziwiri osaluma munthu. N'zoona, koma banja likamakula, uchi ndi ana zikachuluka, alonda ake amachulukanso. Njuchi zambiri za kuno ndi za mtundu wotchedwa Apis mellifera scutellata, wodziwika ndi kuteteza chisa mwamphamvu. Ndi mtundu womwewu umene anapita nawo ku Brazil mu 1956, n'kuthawa mu 1957, ndipo zidzukulu zake zafalikira mpaka kumwera kwa United States.

Zoyambitsa:

1. Kugwedezeka ndi phokoso: kukhoma misomali padenga, jenereta, makina otchetchera kapinga, njinga yamoto yoimikidwa pafupi, kudula mtengo.
2. Ana agenda kapena atosa ndi ndodo.
3. Njuchi imodzi yaluma kapena yaphwanyidwa pafupi ndi chisa. Mbola imatulutsa fungo lofanana ndi la nthochi yakupsa, limene limaitana zinzake kudzaluma malo omwewo.
4. Fungo lamphamvu: mafuta onunkhira, thukuta la ziweto, mowa, petulo.
5. Wina anafula usiku wathawu, kapena linthumbu ndi chiuli zinazisokoneza. Zimakhala zolusa masiku angapo.

Zikayamba kukugundani kumutu osaluma, limenelo ndi chenjezo. Bwererani kumene mwachokera osakupiza manja.

Zikayamba kuluma:

- Thamangani molunjika, musaime. Zimatha kutsatira mamita 300 kapena 400.
- Phimbani nkhope ndi malaya kapena chitenje, koma muzionabe njira. Zimalunjika maso, mphuno ndi pakamwa.
- Lowani m'nyumba kapena m'galimoto n'kutseka. Zochepa zolowa nanu n'zosaopsa poyerekeza ndi za panja, ndipo zimathamangira kuzenera.
- Kulibe nyumba? Dutsani m'munda wa chimanga kapena m'tchire lowirira, zimasokonezeka.
- Musadumphire m'madzi. Zimadikira pamwamba, ndipo mukamatulutsa mutu kuti mupume zimaluma kumaso.
- Mwana mnyamuleni, mumfunditse. Munthu wagwa pansi mfunditseni bulangeti kapena chitenje, ndipo inu musamuyandikire musanaphimbe mutu wanu.

Zimene zimafa kwambiri ndi zimene sizingathawe: mbuzi ya pachingwe, galu wa patcheni, nkhuku ndi akalulu a m'khola, ng'ombe zomangidwa pangolo. Khola lisakhale pansi pa mtengo wa njuchi. Chiweto cholumidwa kwambiri chikufunika alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Njuchi zadzaza pampopi, pa gaga kapena pa zakumwa

1. Ludzu. Mu Seputembala mpaka Novembala njuchi zimatunga madzi oziziritsira zisa, ndiye mpopi wodontha, chithaphwi cha pa mjigo ndi bafa zimazikoka.
2. Shuga: Sobo, thobwa, masese a mowa, makoko a nzimbe, mango ogwa pansi.
3. Kusowa mungu. Maluwa akachepa, njuchi zimatola fumbi la gaga, la ufa wowanika ndi la chakudya cha nkhuku. N'chifukwa chake zimapezeka kuchigayo.

Zimenezi sizikuteteza kanthu, zimaluma zikapondedwa kapena kufinyidwa basi. Konzani mpopi, vundikirani migolo, tolani zipatso zogwa. Ikani beseni la madzi mamita 20 kapena 30 kuchokera pamene anthu amatunga, muikemo miyala kapena timitengo toti zitere, ndipo lisaume ngakhale tsiku limodzi. Zimatenga masiku angapo kuti zizolowere, ndipo zimazolowera msanga ngati malo akalewo mwawaumitsa. Gaga wapambale patali amachita chimodzimodzi.

Choopsa apa n'chimodzi: botolo kapena chitini cha chakumwa chosiyidwa chotsegula. Njuchi kapena mavu amalowamo, munthu n'kumwa osaona. Thirani m'kapu, makamaka cha mwana.

Njuchi zikuzungulira babu usiku

Kawirikawiri njuchi siziyenda usiku. Mukaziona pababu usiku uliwonse, banja lili pafupi ndipo kuwala kukufika pabowo lake, mwina lili m'siling'i momwemo. Zimitsani babulo, m'mawa fufuzani bowo. Zikakhala mkati mwa chipinda, yang'anani mpata pamene waya wa babu watulukira.

Chisa cha mavu pakhonde, m'chimbudzi kapena pansi pa nkhokwe

Zifukwa:

1. Malo ouma, amthunzi, opanda mphepo ndi utsi. N'chifukwa chake amakonda chimbudzi, bafa, pansi pa zenera ndi m'nyumba yosagonamo anthu, koma m'khitchini yophikira nkhuni sapezekamo kawirikawiri.
2. Kaphesi ka chisa chakale kanatsala, amanganso pomwepo.
3. Pafupi pali dimba la mbozi zambiri. Mavu amadyetsa ana awo mbozi, ndiye chisa cha kutali ndi njira za anthu chisiyeni, chikukuthandizani pa kabichi ndi chimanga.

Chotsani chokhacho chimene chili pamene anthu amadutsa kapena kugunda ndi mutu. Mukhoza kuchita nokha ngati zinthu zinayi izi zili choncho: chisa sichikuposa chibakera, mukuchifikira mutaima pansi, palibe waya kapena soketi pafupi, ndipo inu simunadwalepo thupi lonse mutalumidwa.

- Nthawi yake ndi mbandakucha kapena usiku, mavu onse ali pachisa ndipo ali ofooka ndi kuzizira.
- Valani malaya amanja aatali okhuthala, thalauza, nsapato zotseka, magolovesi, ndi chipewa chokhala ndi neti yomangidwa m'khosi.
- Tochi iikeni pambali, isakhale m'manja mwanu, chifukwa ouluka amalunjika kuwala.
- Sungunulani masupuni anayi aakulu a sopo wamadzi kapena waufa mu lita imodzi ya madzi. Thirani kapena poperani mpaka chisa chinyoweretu. Sopo amanyowetsa mapiko ndi kutseka timabowo topumira, ndiye amagwa n'kufa m'mphindi zochepa. Mankhwala opopera a m'chitini amagwiranso pa chisa chaching'ono chotere.
- Chokani, mubwere pakatha mphindi 15. Gwetsani chisa ndi ndodo, chiphwanyeni, palani kaphesi, sesani mavu akufa chifukwa mbola yake imalasabe wopanda nsapato.

Musakwere makwerero. Anthu ena pa ntchito imeneyi amavulala ndi kugwa, osati ndi mbola. Chisa chapamwamba, chachikulu, kapena zisa zambiri m'denga limodzi, itanani odziwa. Mukatha, yenderani makonde sabata iliyonse. Chisa chongoyamba, cha zipinda zochepa, chimagwa ndi tsache mwini wake atachokapo.

Timiphika tadothi pakhoma, m'soketi kapena m'makina

Ndi mavu oumba dothi. Mkati mwa kamphika kalikonse muli dzira limodzi ndi akangaude kapena mbozi zoumitsidwa ndi mbola, chakudya cha mwana. Kwa anthu saopsa. Amawononga zinthu: amatseka bowo la kiyi, paipi yotulutsira utsi ya jenereta kapena pampu, mabowo a soketi, kumbuyo kwa wailesi ndi zovala zopachikidwa nthawi yaitali. Injini imene yakhala miyezi osalizidwa ikamakana kulira, yang'anani pamenepo musanaitane makaniko. Palani ndi mpeni, pukutani ndi nsalu yonyowa. Pa soketi zimitsani magetsi pa meni switchi kaye. Makina osagwiritsidwa ntchito avundikireni, ndipo umitsani matope a pafupi ndi mpopi, ndiwo akuumbira.

Utuchi ukugwa kuchokera kudenga

1. Bemberezi, ngati pali bowo lozungulira bwino lokwana chala chaching'ono, kawirikawiri kunsi kwa thabwa, ndi utuchi wokhakhala pansi pake.
2. Anankafumbwe a m'mitengo, ngati timabowo ndi tating'ono tambirimbiri ndipo fumbi lake ndi losalala ngati ufa.
3. Chiswe, ngati pali timisewu tadothi.

Bemberezi wamwamuna ndi amene amakuzungulirani kumaso, koma alibe mbola. Wamkazi ali nayo, amaluma mukamugwira. Vuto lenileni ndi mtengo: amaboola pang'ono kenako n'kukhota kutsata utali wa thabwa, ndipo ana ake amabwerera kudzakulitsa ngalande zomwezo chaka ndi chaka. Amakonda paini wosapaka kanthu, nsungwi ndi mitengo yofewa youma. Madzulo thirani mankhwala opopera m'bowo, dikirani masiku awiri, khomanimo kamtengo, kenako pakani penti kapena mankhwala otetezera matabwa. Phaso kapena mtanda wokhala ndi mabowo ambiri, womveka mphako mukaugogoda, auone kalipentala mvula isanayambe.

Munthu walumidwa

Choyamba chokani pamalopo. Kenako yang'anani mbola: ikakhalapo ndi ya njuchi. Ichotseni nthawi yomweyo ndi chikhadabo kapena chilichonse chili pafupi. Kathumba ka ululu kamapitiriza kupopa kwa mphindi ngati imodzi, ndiye kufulumira n'kofunika kuposa kusankha chochotsera. Tsukani ndi sopo, zimene zimachotsanso fungo loitana zinzake. Vulani mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe.

Kupweteka ndi kutupa pang'ono pamalo olumidwa: ndi zofala kwambiri, zimatha m'maola ochepa kapena tsiku limodzi. Ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, kapena ayezi wokulunga m'nsalu, mphindi 10 mpaka 20. Wamkulu akhoza kumwa Panado, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku, ndi Piriton mmodzi wa 4 mg ngati pakuyabwa, podziwa kuti amagonetsa. Mlingo wa mwana funsani achipatala, kapena imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 929. Aspirin musapatse mwana. Musateme mphini, musayamwe, musapake dothi, ndowe kapena mafuta a galimoto.

Kutupa kwakukulu, kopitirira masentimita 10, mwina dzanja lonse: kumakula tsiku loyamba ndi lachiwiri, n'kutha pakapita sabata. Kumaopsa maonekedwe koma nthawi zambiri si matenda. Kwezani chiwalocho, pitirizani kuziziritsa. Pitani kuchipatala ngati pakatha masiku awiri kapena atatu ululu ukuwonjezeka, pakutuluka mafinya, thupi latentha, kapena mzere wofiira ukukwera m'mwamba.

Zizindikiro za thupi lonse: apa musadikire. Anthu ena thupi lawo limadana ndi ululu umenewu, ndipo mbola imodzi yokha ikhoza kuwapha. Zimayamba msanga, kawirikawiri mphindi 30 zisanathe:

- zidzolo ndi kuyabwa kutali ndi pamene palumidwa
- kutupa milomo, lilime, zikope kapena kukhosi, mawu kusasa
- kubanika, kulira m'chifuwa popuma
- chizungulire, thukuta lozizira, kukomoka
- kusanza, kupotokola m'mimba, kutsegula m'mimba

Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, ndipo amapezeka kuchipatala. Piriton sangalowe m'malo mwake. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Mgonekeni chagada miyendo itakwezedwa. Ngati akubanika akhale tsonga miyendo itatambasulidwa, mayi woyembekezera agonere kumanzere, wokomoka koma akupuma agone chammbali. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa wapansi ngakhale anene kuti ali bwino, magazi amatha kutsikiratu akaimirira. Musamumwetse kanthu. Kuchipatala nenani nthawi imene analumidwa ndi mankhwala amene amamwa, makamaka a BP ndi a mtima. Akamuuza kuti agone kaye, agone, chifukwa zizindikiro zimatha kubwereranso pakapita maola.

Kulumidwa m'kamwa, kukhosi kapena m'diso: kuchipatala msanga ngakhale palibe chizindikiro china. Kutupa kwa kukhosi kumatseka njira ya mpweya. Ali m'njira, wamkulu akhoza kuvumata ayezi kapena madzi ozizira. Mbola ya m'diso musaichotse nokha.

Kulumidwa ndi zambiri: apa vuto ndi kuchuluka kwa ululu, ndipo limagwira aliyense. Wamkulu wolumidwa ndi 50 kapena kuposa, mwana kapena wokalamba wolumidwa ndi zoposa 10, ndi khanda lolumidwa ndi zingapo chabe, onse apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuoneka bwino. Chotsani mbola muli m'njira, popala ndi msana wa mpeni kapena khadi. Ululu wochuluka umaononga minofu ndi magazi, ndipo zoonongekazo zimakatseka impso pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Mkodzo wakuda kapena wofiira, kukodza pang'ono, kuphwanya thupi kwambiri ndi kusanza kosalekeza ndizo zizindikiro zake. Ngati akumeza bwino amwe madzi ambiri, ndipo apewe Brufen ndi Diclofenac, amene amalemetsa impso.

Amene anadwalapo thupi lonse kamodzi akhoza kudwalanso akalumidwa kachiwiri. Auze a m'banja, aphunzitsi kapena anzake a kuntchito, achipatala alembe m'buku lake la kuchipatala, ndipo afunse dokotala za jakisoni wa adrenaline woyenda naye. Munthu ameneyu asachotse chisa chilichonse, ngakhale cha mavu atatu, ndipo tsiku lochotsa njuchi pakhomo akagone kwina.